Wodwala sitiroko akabwerera kunyumba, foni ingathandize mpaka pati?

Mukamva kuti m'bale wanu wagwidwa ndi sitiroko, matenda amene kuchipatala amalemba kuti AVC ndipo ambiri kuno timangoti trombose, mtima wonse umakhala pa funso limodzi: kodi apulumuka? Manthawo ndi omveka. Kafukufuku amene Pulofesa Albertino Damasceno ndi anzake anachita m'zipatala za ku Maputo mu 2005 ndi 2006 anapeza kuti pafupifupi theka la odwalawa ankamwalira masiku 28 asanathe. Koma kwa amene wapulumuka, ntchito yaikulu imayamba akafika kunyumba, ndipo ntchito imeneyi ndi imene Covid-19 inasokoneza anthu osazindikira.

Dzanja kapena mwendo umene wafa umayambiranso kugwira ntchito msanga m'miyezi itatu yoyamba, ngati ukusunthidwa tsiku ndi tsiku. Miyeziyo ikadutsa munthu atangogona, mfundo zimauma. Tsono taganizani zimene zinachitika Pulezidenti Filipe Nyusi atalengeza estado de emergência, imene inayamba pa 1 Epulo 2020. Chapa inayamba kunyamula anthu ochepa, kuona odwala m'zipatala kunachepetsedwa, ndipo mabanja ambiri ankaopa ngakhale kuyandikira pakhomo la chipatala. Si kuno kokha. Mu Juni 2020 bungwe la OMS linanena kuti m'mayiko 63 pa 100 alionse amene linafunsa, ntchito yothandiza odwala kuti ziwalo ziyambirenso kugwira inali itasokonekera.

Yankho limene mayiko ambiri anathamangira ndi foni. Katswiri wa fisioterapia amaona wodwala pa vidiyo, n'kumuuza kuti akweze dzanja, aimirire, ayende. Kumene intaneti ndi yodalirika, zimatheka. Kwa mayi wa ku Angónia amene foni yake ndi ya mabatani, amatchajitsa kumsika, ndipo mzinda wa Tete uli pa mtunda woposa makilomita 200, vidiyo ndi nkhambakamwa. Ngakhale uthenga wolemba uli ndi malire ake. Kalembera wa 2017 anasonyeza kuti anthu akuluakulu 39 pa 100 alionse sadziwa kuwerenga, ndipo kwa amayi ndi pafupifupi theka. Amene amasamalira odwala m'makomo mwathu ndi amayi omwewo. Pa ntchito yanga yophunzitsa aphunzitsi a sukulu za kwacha ndaona kangapo munthu atasunga SMS ya Chipwitikizi masiku angapo, kudikira mwana wa sukulu kuti adzamuwerengere. Njira ya PENSA pa *660# ndi yothandiza, koma nayonso imafuna maso odziwa zilembo.

Chimene chingagwire ntchito kwathu kuno ndi mawu a pakamwa, m'chinenero cha wosamalira wodwalayo: namwino kuimba foni pa tsiku limene anagwirizana, wailesi ya m'dera kubwereza malangizo, ndi APE wa m'mudzi kupita kukaona ndi maso zimene foni singaone.

Tisadzinamize kuti zimenezi zilowa m'malo mwa katswiri. Ku India, pa kafukufuku wa odwala 1,250, anayesa kuphunzitsa achibale kuti azichititsa okha odwala masewero olimbitsa ziwalo, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2017 zinasonyeza kuti chiwerengero cha omwalira ndi cha otsala olumala sichinatsike. Ine ndikuona kuti phindu la foni lili pena: kuteteza wodwala ku zinthu zimene zimapha kapena kupundula munthu amene anali atayamba kuchira. Zinthuzo n'zodziwika. Wosatha kudzitembenuza yekha azitembenuzidwa maola awiri alionse, apo ayi zilonda zimabuka m'matako ndi m'zidendene. Azidya atakhala tsonga, pang'onopang'ono, chifukwa phala likalowera kumapapo limabweretsa chibayo. Pomudzutsa musamukoke dzanja lakufalo, phewa limaguluka. Namwino akhoza kufunsa zonsezi pa foni m'mphindi zisanu.

Nkhani ina ndi mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Mu 2005 anthu 33 pa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vutoli. Pofika 2015 anali pafupifupi 39, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe. Wodwala akasiya mapilitsi chifukwa chapa yadula, sitiroko yachiwiri ili pafupi. M'nthawi ya mliri unduna wa zaumoyo, MISAU, unakulitsa dongosolo lopereka ma ARV a miyezi itatu nthawi imodzi. Ndi funso loyenera kufunsa mu komiti ya zaumoyo ya kwanuko: bwanji wodwala sitiroko amene magazi ake akhazikika osamuchitira chimodzimodzi?

Ngati m'bale wanu ali m'chipatala lero, musatuluke naye musanaonetsedwe ndi manja momutembenuzira, momukhazikira ndi momudyetsera, ndipo muchite nokha namwino akuona. Funsani tsiku lobwereranso, musiye nambala ya foni ya munthu amene amagona nyumba imodzi ndi wodwalayo, osati ya mwana amene ali ku Beira. Pakamwa pakapotokanso, mawu akayamba kusamveka, kapena dzanja lina likafooka mwadzidzidzi, musadikire kuimbiridwa. Mupite naye kuchipatala nthawi yomweyo.