ANTHU A KU TWAPIA ANAONA NDEKE ZIWIRI

Abale anchito a m'makomboni, tamverani. Pakati pa usiku wa pa 17 September 1961 ndeke yochedwa Albertina inadutsa pamwamba pa bwalo la ndeke la Ndola, nyali zace zikuyaka. Inanyamula Dag Hammarskjöld, Mlembi Wamkulu wa United Nations, ndi anzace 15. Anali kudza kudzakambirana ndi Moise Tshombe za nkhondo ya ku Katanga. Ndekeyo inakhota kuti itere, ndipo siinaonekenso.

Nanga mabwana a Citaganya anacitanji? Lord Alport, kazembe wa Britain, anali pa bwalo pomwepo. Iye anati kapena mlendoyo wasintha maganizo, wapita kwina. Bwalo analitseka, mkulu wa bwalo nakagona. Ndeke zofunafuna zinauluka dzuwa litakwera kale, ndipo boma linati lapeza zophwanyikazo nthawi itapitirira 3 koloko masana, maora 15 atapita. Kodi inagwa ku Ulaya? Iai! Inagwa pa citunda ca m'thengo, mamailosi osafika 10 kucokera pa bwalo. Oocha makala anali atafikapo kale m'mamawa. Pa mgodi munthu akasowa pansi ora limodzi, belu lilira. Apa panasowa anthu 16, mabwana ali m'tulo.

Mmodzi, Harold Julien, anampeza wamoyo, atapsya, atagona pa dzuwa tsiku lonse. Anauza apolisi kuti ndeke inaphulika. Anamwalira m'cipatala ca Ndola pa 23 September, ndipo mau ace anawayesa kubwebweta kwa wodwala.

Tsono cimene citiwawa ife ndi ici. Makolo athu anaona. Timothy Kankasa, mlembi wa komboni ya Twapia, amene pambuyo pace anakhala nduna ya boma la Zambia, anacitira umboni kuti anaona kandeke kena pamwamba pa ndeke yaikuluyo. Oocha makala ananena zofanana: ndeke ziwiri, kuwala kumwamba, moto. Komishoni ya boma la Sir Roy Welensky inawamva, niika mau ao pambali ngati a anthu osadziwa cimene anaona, kapena odana ndi Citaganya. Mu 1962 inagamula kuti woyendetsa ndeke ndiye analakwa, anatsika kwambiri nagunda mitengo. Mlandu anaupatsa munthu wakufa. Amene analowa m'ndende ndi oocha makala amene anatola kamakina pa malo a ngoziwo.

Welensky anali bwenzi la Tshombe, ndipo eni migodi sanafune kuti mkuwa wa Katanga ucoke m'manja mwa Union Minière. Fisi aweruza bwanji mlandu wa mbuzi yosowa? Ngakhale komishoni ya United Nations ya caka comweco inakana kutseka nkhaniyi, niti kuomberedwa sikungacotsedwe pa zimene zingakhale zinacitika.

Ena ati zakale zisiyeni, ngozi ndi ngozi. Tiwayankha kuti mu 2017 Mohamed Chande Othman, amene anali Woweruza Wamkulu wa Tanzania, atatumidwa ndi United Nations, analemba kuti nkotheka ndithu ndekeyo inacitidwa ciwembu kucokera kunja, ndi kuti mboni zacifirika sizinamvedwe moyenera. Mu 2024 anadandaulanso kuti Britain ndi America sanatulutse zonse zimene ali nazo. Ife amene tinagwirapo nchito ya ukalaliki pa mgodi tidziwa kuti ofesi ya Mzungu siitaya pepala. Ngakhale cikiti ca munthu wocedwa mphindi zisanu cinali kusungidwa m'kabati. Mauthenga a pa wailesi a usiku umene unafa mkulu wa maiko onse ndiwo asowe?

Sitinena kuti tidziwa dzina la amene anaombera. Tifuna makabati a ku London, Washington ndi Pretoria atsegulidwe. Nkhaniyi ikambeni pa misonkhano ya nthambi, ndipo phungu wanu akadza kudzapempha voti, mumfunse kuti boma lathu liitanitsa liti mapepalawo.