Musanalembe ganyu wopanga gemu ya pafoni

Aliyense wofuna kuti mnyamata kapena mtsikana wa makompyuta amupangire gemu ya pafoni ayambe wagula kope ndi cholembera. Kuno ku Dedza ndamva aphunzitsi ndi amalonda akulakalaka gemu ya kwathu, ndipo maganizowa ndimawakonda. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ambiri amafuna kuyamba ndi kufunsa mtengo, gemuyo ikadali m'mutu mokha.

Tengani bawo. Mizere inayi, maenje 32, nkhomo 64. Akuluakulu a pamsika amasewera osaganizanso za malamulo chifukwa ali m'zala mwawo. Foni ilibe zala zotere. Iyenera kuuzidwa nthawi yodya, nthawi yogona, ndi chochita pamene wosewera alibe poyenda. Mukapanda kulemba zonsezi, wopanga uja adzatola malamulo pa intaneti, mwina a ku Zanzibar, ndipo madala a pa Bembeke akadzaiyesa adzati si bawo wathu uyu. Mlandu udzagwera mwana amene sadauzidwe.

Nkhani imakula tikafika ku Chongoni, kumene kuli malo 127 a zojambula za pamiyala amene UNESCO idawazindikira mu 2006. Gemu yoyendetsa ana ku Mphunzi, Namzeze ndi Chentcherere ingakhale yokoma zedi. Koma zina mwa zojambula zoyera zija n'za chinamwali ndi Nyau. Choyenera kuoneka pafoni ya mwana wosavinidwa achinene ndi mafumu ndi anamkungwi, ndipo wokagwada kwa iwo ndi inu mwini gemu, osati waganyu wokhala ku Lilongwe.

Aluso alipo. MUBAS, MUST ndi Mzuni zikutulutsa achinyamata odziwa ntchitoyi, ndipo ena adasulidwa ku mHub, imene Rachel Sibande adayambitsa ku Lilongwe. Chondipweteka ndi mmene timawalipirira. "Ingopanga, udzatchuka nayo" si malipiro. Mwanayo akugula bandulo, akulipira lendi, magetsi akazima amachezera usiku kuti abweze nthawi. Gwirizanani kuti ndalama zizituluka m'magawo, gawo lililonse mutaona ndi maso chimene chatheka, ndipo tumizani pa Mpamba kapena Airtel Money kuti umboni utsale. Mukasintha maganizo pakati pa ntchito, vomerani kuti mtengo nawo usintha.

Tsono pali chinthu chimene ambiri amachizindikira madzi atafika m'khosi: gemuyo mwini wake ndani? Kuti ikhale pa Google Play pamafunika akaunti, yolipira madola 25 kamodzi kokha. Poti ndalama zakunja zikuvuta chonchi, n'zosavuta kungoti, "Ikani pa akaunti yanu, achimwene." Mukatero mwamanga nyumba pa malo a eni. Tsiku limene mnyamatayo adzapeze ntchito ku Joni n'kusintha nambala, simudzatha kukonza ngakhale chilembo chimodzi. Akaunti ikhale m'dzina lanu, source code ndi makiyi ake mulandire pa malipiro omaliza, ndipo zilembedwe papepala, nonse musaine. Izi zimatetezanso wopangayo, chifukwa pepala lomwelo limanena pamene ntchito yake yathera. Google imakweza zofunika zake chaka ndi chaka, choncho kukonza kwa mtsogolo kukhale ndi mtengo wake wapadera.

Pomaliza ntchito musakhutire ndi mmene gemu ikuyendera pa laputopu ya wopanga. Ana a ku Mayani ndi Lobi adzaisewera pa itel kapena Tecno ya amayi awo, yodzaza kale ndi zithunzi za pa WhatsApp, m'malo amene netiweki imabisala kuseri kwa phiri. Lembani m'mgwirizano kuti gemuyo ikhale yopepuka, yotheka kusewera popanda data, ndipo gawo lomaliza la ndalama lituluke ana a kumudzi ataiyesa pa mafoni oterowo.