Dzina la Mmisiri Kunsi kwa Mpando

Inu amene mumapita ku Lilongwe kukachezera ana anu mwawaona amisiri a matabwa a pa Mtsiliza, kufupi ndi Mtandire. Agwira nchito yao pansi pa zisakasa m'mbali mwa njira, naandanda makama, zitseko, makabati ndi mipando, zonse zonyezimira ndi vanishi. Ena mwa iwo ali amisiri enieni, ena angophunzira dzulo kugwira sowo. Koma wogula adzawasiyanitsa bwanji? Vanishi ndi mmodzimodzi. Mvula ikatha chitseko chapindika, mwendo wa mpando wagwedera, ndipo ndalama za fodya kapena za mtedza zapita.

Bvuto lomweli linali ku France kale, ndipo tifuna kukusimbirani m'mene analithetsera. Ku Paris amisiri opanga makabati a mafumu anachedwa ébéniste, dzina lochokera ku mtengo wakuda wa mtengo wapatali wonga phingo wathu. Wochuka mwa iwo anali André-Charles Boulle, amene anabadwa m'chaka cha 1642, namwalira mu 1732. Mfumu Louis XIV inampatsa malo ogwirira nchito m'nyumba ya Louvre mu 1672. Iye ankasanjikiza mkuwa ndi chigoba cha kamba wa m'nyanja, nazicheka pamodzi, kuti maluwa oturuka mu chimodzi alowe bwino m'dzenje la chinzache. Moto unapsereza nyumba yache ya nchito mu 1720, koma makabati ache ambiri alipobe kufikira lero.

Pali gome lina lolembera limene anthu apita kukaliona ku Versailles. Analiyamba Jean-François Oeben mu 1760, ndipo imfa inampeza mu 1763 asanalitsirize. Wothandiza wache, Jean-Henri Riesener, ndiye analimaliza mu 1769. Zaka 9 pa gome limodzi! Mfumu ikapotoza kiyi mmodzi, chibvundikiro ndi madirowa zinatsekeka pamodzi. Ife sitinena kuti banja la pa mudzi lifunika gome lotere. Mfumuyo inalipira ndi msonkho wa amphawi, ndipo mapeto a ufumu wache tiwadziwa.

Chimene chitikhudza ife ndi malamulo a bungwe la amisiriwo, limene nkhoswe yache inali Anna Woyera. Mnyamata anayenera kuphunzira zaka zambiri kwa mmisiri mmodzi, nagwiranso zaka zina monga wanchito wolipidwa, kenaka napanga chipangizo chimodzi chobvuta kuti akulu a bungwe achiyese. Akakhoza, pamenepo ndipo analoledwa kutsegula nyumba yache ya nchito. Mu 1743 analemba lamulo, limene linatsimikizidwa mu 1751, lakuti mmisiri ali yense adinde dzina lache ndi chitsulo pa chipangizo chiri chonse asanachigulitse. Akulu a bungwe ankayendera nyumba za nchito, nadinda chizindikiro chao pa zimene anazipeza zabwino, nalanda zachinyengo. Mabungwewo anathetsedwa mu 1791, pa nthawi ya chipolowe chachikulu cha dzikolo. Koma lero lino wogula mpando wakale wa ku France ayamba wautembenuza, nafuna dzinalo, ndipo dzina likapezeka mtengo ukwera.

Tsono tibwerere kwathu. Tisafulumire kutsutsa mmisiri wa pa Mtsiliza, pakuti mlandu wina uli wathu. Tifika Lachiwiri, tifuna kama pofika Loweruka, ndipo tinenerera mtengo kufikira mnzathuyo atsala wopanda phindu. Iye alibe ndalama zosungira matabwa miyezi yambiri kuti aume. Agula lero, apala mawa. Thabwa laliwisi likamauma lifota, ndipo pamene lidalumikizidwa ndi misomali yokha pamasuka. Mlombwa ndi mbawa, zimene abulazala a pa misyoni anapangira zitseko ndi mabenchi a m'tchalitchi, zasowa, ndipo mtengo wache amisiri ambiri sautha. Chatsala ndi paini wa ku Chikangawa ndi bulugamu. Paini si woipa akauma bwino ndi kutetezedwa ku chiswe, koma bulugamu wauwisi ang'aluka ndi kupotoka.

Inu makolo amene muli ndi mnyamata wa manja aluso, musamuyese wolephera chifukwa sanapite ku sekondale. Mtumizeni kumene aphunzitsa ukalipentala mwadongosolo, monga ku sukulu ya amisiri ya ku Namitete, kapena kwa mmisiri wamkulu wodziwika, ndipo musamchotse pakutha miyezi itatu poti wayamba kukhoma mabenchi. Pogula, tembenuzani mpando, muone ngati mutu wa thabwa walowa m'dzenje la linzache kapena angolikhomera msomali. Nyamulani thabwa, pakuti laliwisi lilemera ndi kuzizira m'manja.

Ndipo inu amisiri, boma silidzakutumizirani akulu oyendera zisakasa zanu. Koma wowotcherera zitsulo wa pafupi ndi inu akhoza kukupindirani malemba awiri kapena atatu a dzina lanu pa kachitsulo kotsala. Mukakaika pa makala ndi kudinda kunsi kwa mpando, mlendo amene adzaukhalira ku Nambuma kapena ku Mchinji adzadziwa wofunsa akafuna wache.