Lamba wa John Cena ndi nambala 1 ya pa tchati: amagawa ndani?

Pa 13 Disembala 2025, mumzinda wa Washington DC ku America, John Cena adalowa mu ring'i komaliza. Adakumana ndi Gunther, chiphona cha ku Austria, chomwe chidamupana pakhosi mpaka iye kumenya dzanja kusonyeza kuti wagonja. Munthu amene zaka zonsezi wakhala akuuza ana kuti asamataye mtima adatseka ntchito yake pogonja. Adali ndi zaka 48, ndipo 23 mwa zakazo adathera pa TV ya WWE.

Kutacha, gulu lathu la pa WhatsApp la amene tidaphunzira limodzi kusekondale lidatentha. Ena ankadandaula, ena ankaseka. Kenako mnzathu wina, uja sachedwa kuthira madzi pamoto wa anzake, adatifunsa kuti anthu akuluakulu ngati ife tikulirira chiyani sewero lochita kulemba. Iye adati tizitsatira matchati a nyimbo, chifukwa kumeneko manambala sanama.

Pa mfundo yoyambayo sindidatsutse. Masewera ogwetsana a WWE amalembedwadi. Koma zoti manambala a pa tchati amangogwa okha ngati mvula, apo ndiye ndikukana. Nawonso ali ndi eni ake amene amakhala pansi n'kugwirizana kuti chiwerengedwe ndi chiyani, chisiyidwe ndi chiyani.

Mwina ambiri simudziwa kuti Cena yemweyu adakwerapo pa tchati. Mu Meyi 2005, patangotha mwezi umodzi chilandireni lamba wake woyamba wa WWE atagonjetsa JBL pa WrestleMania 21, adatulutsa chimbale cha rap chotchedwa You Can't See Me, chomwe adaimba ndi mbale wake Tha Trademarc. Chimbalecho chidalowa pa nambala 15 pa Billboard 200, tchati chachikulu cha zimbale ku America. Nthawi imeneyo kuwerenga kwake kudali kosavuta. Munthu wapereka ndalama, wagula chimbale, basi, chawerengedwa. Lero zinthu zidasintha kwambiri moti nambala 15 ya 2005 ndi nambala 15 ya chaka chino zangofanana dzina.

Tchati chimagwira ntchito bwanji?

Choyamba, tchati cha dziko chimayeza sabata imodzi yokha. Ku America ndi ku Britain sabatayo imayamba Lachisanu n'kutha Lachinayi, ndipo n'chifukwa chake oimba akuluakulu amakonda kutulutsa nyimbo Lachisanu, kuti masiku onse 7 awerengedwe. Lachisanu linalo likafika, aliyense akuyambiranso pa ziro.

Chachiwiri, chimayeza dziko limodzi. Ku America kampani ya Luminate ndiyo imasonkhanitsa manambala kuchokera m'masitolo, m'malo ogulitsira nyimbo pa intaneti, ku Spotify, ku Apple Music ndi kuwailesi, n'kuwapereka kwa Billboard. Pa Hot 100, chomwe ndi tchati cha nyimbo imodziimodzi, amaphatikiza zinthu zitatu: kugula, kumvera pa intaneti, ndi kuchuluka kwa anthu omwe aimva pawailesi. Ku Britain, Official Charts Company imawerenga kugula ndi kumvera pa intaneti, koma wailesi sailowetsamo. Ndiye kuti nyimbo imodzi, sabata yomweyo, ikuyesedwa ndi miyeso iwiri yosiyana. Ndipo inu mukamamvera Burna Boy usiku wonse muli ku Ndirande kapena ku Area 25, bandulo n'kutheratu, pa Hot 100 simudaponyepo ngakhale voti imodzi, chifukwa tchati chimenecho chimawerenga za ku America zokha.

Chachitatu, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani, kumvera sikulemera mofanana. Mu Disembala 2014, Billboard idagamula kuti nyimbo za m'chimbale zikamveredwa ka 1,500 pa intaneti, ziziwerengedwa ngati chimbale chimodzi chagulidwa. Mu 2018 adagawa omverawo pawiri: kwa olipira pamwezi ka 1,250 kokha kadakwana chimbale chimodzi, koma kwa omvera ulere, aja amadukizidwa ndi malonda, padafunika ka 3,750. Kunena mwachidule, khutu la munthu wolipira lidayesedwa lolemera katatu kuposa la wosalipira. Palibe lamulo la chilengedwe lomwe lidanena zimenezo. Anthu adakambirana, n'kusankha.

Nkhani imeneyi ikadali yamoto. M'mwezi womwe Cena adapuma, YouTube idalengeza kuti isiya kupereka manambala ake kwa Billboard, podandaula kuti omvera ulere akuchepetsedwa mphamvu. Tangoganizani, malo amene ambiri a ife timaonerapo nyimbo akukangana ndi mwini tchati pa funso loti kumvera kwa wosauka kukhale kolemera bwanji.

Owerenga akasintha, opambana amasinthanso

Mbiri ya matchati imaonetsa zimenezi poyera. Tchati choyamba cha ku Britain chidatuluka mu Novembala 1952, pomwe Percy Dickins wa nyuzipepala ya nyimbo ya New Musical Express adaimbira foni masitolo pafupifupi 20 kufunsa zomwe zikuyenda malonda. Ku America nakonso, kwa zaka zambiri Billboard inkadalira zomwe eni masitolo anena. Wogulitsa akaiwala, akakondera, kapena akanyengereredwa ndi kampani ya oimba, tchati chinkatengera zomwezo.

Mu 1991 kudabwera SoundScan, njira yowerenga chimbale chilichonse pomwe chikudutsa pa makina olipirira m'sitolo. Zotsatira zake zidadabwitsa anthu. Chaka chomwecho gulu la rap la N.W.A lidafika pa nambala 1, ndipo Garth Brooks, woimba country, adalowera pa nambala 1 sabata yoyamba. Sikuti anthu adayamba kukonda rap ndi country chaka chimenecho ayi. Ankagula kale, koma owerenga sankawaona. Mu 2013 Billboard itayamba kuwerenga YouTube, nyimbo ya Baauer ya Harlem Shake, yomwe anthu ankangovina m'timavidiyo toseketsa, idangotulukira pa nambala 1.

Nthawi zina malamulo amasinthidwa chifukwa eni tchati sadakondwe ndi zomwe manambala aonetsa. Mu Malichi 2017, Ed Sheeran adali ndi nyimbo 16 mwa 20 zapamwamba ku Britain. Patangopita miyezi yochepa kudabwera lamulo loti woimba mmodzi asapose nyimbo zitatu pa tchati. Adaonjezeranso lina loti nyimbo ikakhalitsa n'kuyamba kutsika, izifunika kumveredwa kowirikiza kawiri kuti ipeze mapointi omwe yatsopano ikupeza. Mu 2020 Billboard idaletsa kuwerenga zimbale zomwe oimba ankazimata ku matikiti a shoo ndi zovala pofuna kukweza manambala.

Sindikunena kuti matchati ndi bodza. Anthu amagwiradi ntchito yowerenga, ndipo amayesetsa kuchotsa manambala achinyengo. Koma tchati chimayankha funso lomwe eni ake afunsa, ndipo funsolo limakondera chatsopano. Kwa iwo, tsabola wakale sawawa. Komatu Kate Bush adatulutsa Running Up That Hill mu 1985, ndipo idadzafika pa nambala 1 ku Britain mu Juni 2022, patatha zaka 37, achinyamata ataimva mu Stranger Things. Ngakhale apo, padafunika kuti eni tchati aichotsere kaye lamulo lija lopondereza nyimbo zakale.

Nanga lamba?

Kumbali ya wrestling zinthu sizibisika. Mu 1989 kampani yomwe lero ndi WWE idavomera yokha pamaso pa opanga malamulo a ku New Jersey kuti zomwe imachita ndi zosangalatsa anthu, osati mpikisano weniweni. Wopambana amadziwika asadalowe mu ring'i. Cena atagonjetsa Cody Rhodes pa WrestleMania 41 ku Las Vegas mu Epulo 2025, n'kutenga lamba wa dziko lonse ka 17 kuposa ka 16 ka Ric Flair, chidali chigamulo cha mabwana a kampani.

Koma dzifunseni kuti n'chifukwa chiyani mabwanawo adamusankha ka 17. Lamba amapatsidwa kwa munthu amene akudzaza mabwalo, kugulitsa matisheti ndi kukopa oonera pa TV. Ndiye kuti nayenso lamba ndi mtundu wa tchati, kungoti owerenga ake sabisala kuseri kwa masamu. Olemba angakupatse chipambano usiku umodzi, koma sangalembe kuti anthu 15,000 aimirire n'kukuwa nyimbo yako ikalira. Ambiri adakankhidwapo ndi kampani mwamphamvu, anthu n'kuwakana, mapeto ake adazimirira ngati moto wa mapesi.

Cena adaonekera koyamba pa SmackDown pa 27 Juni 2002, pomwe adalimbana ndi Kurt Angle n'kugonja. Mwiniwake wakhala akufotokoza kuti chaka chomwecho adatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito chifukwa anthu sankamulabadira, ndipo chidamupulumutsa ndi rap yomwe ankangocheza nayo ndi anzake m'basi, Stephanie McMahon n'kumumva. Atafika pamwamba, zaka zambiri theka la bwalo linkamuchemerera, makamaka ana ndi amayi, pomwe theka lina, madoda akuluakulu, linkamukuwiza. Iye ankangobwerabe sabata ndi sabata.

Thupi nalo silidziwa kuti ndi sewero. Mu Okutobala 2007 mnofu wake wa pachifuwa udang'ambika, ndipo anthu ankayembekeza kuti akhala kunja nthawi yaitali, koma mu Januwale 2008 adatulukira pa Royal Rumble ku Madison Square Garden n'kupambana. Chaka chomwecho adachitidwa opaleshoni ya khosi. Kunja kwa ring'i, Guinness World Records idamulemba mu 2022 kuti adakwaniritsa zofuna za ana odwala kwambiri zokwana 650 kudzera ku Make-A-Wish Foundation. Zimenezi sizilowa mu chiwerengero cha malamba, koma ndi zomwe zidapangitsa kuti madoda aja ankamukuwiza mu 2006 adzagule matikiti odula mu 2025 kuti akatsanzikane naye.

Ine ndidamuonera koyamba m'kanyumba ka vidiyo shoo, titapanikizana pa benchi, kaseti yake yobwerezabwereza. Palibe tambala ya ife yomwe idafika ku America, ndipo palibe amene adatiwerenga. Komabe mpaka lero mwana wovala tisheti ya Cena ya pakaunjika akakupizira dzanja kumaso, mumadziwa zomwe akutanthauza.

Ife tikuwerengedwa pati?

Apa ndi pomwe nkhaniyi ikutikhudza. Nyimbo zambiri kuno zimayenda pa WhatsApp, pa Bluetooth, pa memori khadi yodzazitsa pamsika, m'minibasi, m'maukwati ndi m'mabala. Spotify idafika ku Malawi mu 2021, koma mtengo wa bandulo umapangitsa kuti ambiri tizikonda kudawuniloda kamodzi n'kumamvera mwezi wonse. Kumvera konseko kulibe amene akukulemba. Tili ngati ogula rap a ku America 1991 isadafike: tilipo, tikumvera, koma pa pepala sitikuoneka.

Anzathu ena adayambapo. Ku Nigeria kuli TurnTable Charts kuyambira 2020, ndipo ku South Africa matchati ovomerezeka ndi bungwe la makampani a nyimbo la RiSA adayamba mu 2021. Tsiku lomwe ife tidzafune chathu, mkangano waukulu sudzakhala wa kompyuta. Udzakhala woti tiwerenge chiyani. Tikadzangotengera muyeso wa ku America, woimba wokondedwa ndi a m'tauni ochepa olipira pamwezi adzaposa amene nyimbo yake ikuvinidwa kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Ndipo poti makampani osaka oimba oti awatsatsire malonda komanso okonza mashoo amayang'ana manambala, cholakwika cha pa tchati chimasanduka cholakwika cha m'thumba.

Kwa inu achinyamata oimba amene mukuyesedwa kugula ma views kuti muoneke apamwamba, kumbukirani kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nambala yogula ingakupatseni skrinishoti yoika pa status, koma singagule tikiti ya pakhomo. Kwa ife omvera, wina akatiponyera nambala 1 pofuna kutseka mkangano, timufunse modekha: tchati chake chiti, cha dziko liti, sabata iti, ndipo chawerenga ndani?

Mnzanga uja ndidamuyankha kuti chimbale cha Cena chidatsika pa tchati kalekale, monga zimachitira zimbale zonse, ndipo malamba 17 aja adachita kupatsidwa. Koma usiku uja ku Washington, atagonja, adavula nsapato zake n'kuzisiya pakati pa ring'i, anthu ataimirira. Ena mwa iwo adayamba kumuonera ali ana, ndipo tsikulo adabwera ndi ana awo. Mnzangayo adangotumiza ka emoji koseka, kenako n'kufunsa ngati pali amene ali ndi vidiyo ya ndewuyo kuti amutumizire.