Mankhwala Osaola M'madzi Akumwa: Lamulo Likutsalira M'mbuyo

M'chaka cha 1999 mlimi wina wa ku Parkersburg, m'chigawo cha West Virginia ku United States, dzina lake Wilbur Tennant, adasumira kampani ya DuPont chifukwa ng'ombe zake zinali kufa. Ng'ombezo zinkamwa m'kamtsinje kochokera kudzala kumene kampaniyo inkatayako zinyalala. Loya wake, Robert Bilott, atafufuza m'makalata a kampaniyo, adapezamo dzina la mankhwala amene boma linali lisanaikire lamulo: PFOA.

PFOA ndi mtundu umodzi chabe mwa mitundu zikwizikwi ya mankhwala a banja lotchedwa PFAS. Mafakitale amaŵakonda chifukwa saloŵa madzi, sagwira mafuta, ndiponso amapirira moto. Amapezeka m'mapoto osamatirira chakudya, m'majekete a mvula, m'mapepala okulungira zakudya ndi m'thovu lozimitsira moto. Komatu ubwino wakewo ndiwonso kuipa kwake. Kaboni ndi fulorini za m'mankhwalaŵa zimagwirana zolimba zedi, kotero kuti dzuŵa, tizilombo ta m'nthaka, ngakhale kuŵiritsa madzi, sizingazilekanitse. Akaloŵa m'chitsime amakhazikika. Akaloŵa m'magazi a munthu amatha zaka asanatuluke.

DuPont idayamba kugwiritsa ntchito PFOA popanga Teflon mu 1951. Boma la United States lidailipiritsa madola 16.5 miliyoni mu 2005 chifukwa chobisa zimene inkadziŵa za kuopsa kwake. Anthu pafupifupi 69,000 a m'deralo adapereka magazi kuti apimidwe, ndipo pofika 2012 akatswiri atatu adapeza kuti PFOA iyenera kuti ikukhudzana ndi matenda asanu ndi limodzi, ena mwa iwo khansa ya impso, khansa ya machende ndi kuthamanga kwa magazi kwa amayi oyembekezera. Kuchokera 1951 mpaka 2012 ndi zaka 61. Ana adabadwa, nakula, nakalamba akumwa madzi omwewo.

Apa ndipo pagona vuto lenileni. Malamulo ambiri amalola mankhwala kugulitsidwa kufikira wina atapereka umboni woti ndi oipa, ndipo umboniwo umafunika pa mtundu uliwonse paokha. Pamene umboni ukusonkhanitsidwa, fakitale imakhala itakonza kale mtundu wina. DuPont posiya PFOA idabweretsa GenX, wa m'banja lomwelo, ndipo mu 2017 anthu a mumzinda wa Wilmington ku North Carolina adadzidzimuka kumva kuti GenX ali mumtsinje wa Cape Fear, m'mene amatungamo madzi akumwa. Njoka idangofundula, ululu udatsala pomwepo.

Nalo Pangano la Stockholm, lomwe maiko amagwirizanirapo zothana ndi mankhwala osaola, layenda mwa nkhono: PFOS lidaiika pa mndandanda mu 2009, PFOA mu 2019, ndipo PFHxS mu 2022. Ku United States, bungwe loteteza chilengedwe la EPA lidalamula mu April 2024 kuti PFOA ndi PFOS zisapitirire magalamu 4 pa malita 1 biliyoni a madzi akumwa, ndiye kuti kasupuni kamodzi ka shuga m'damu lathunthu. Koma mu May 2025 bungwe lomwelo lidalengeza kuti lisuntha tsiku loyambira kutsata lamuloli kuchoka 2029 kufika 2031, ndi kuti lichotsa malire a mitundu ina, GenX yemwe.

Njira yooneka yanzeru ndi imene Denmark, Germany, Netherlands, Norway ndi Sweden adaipereka ku European Union mu 2023: kuletsa banja lonse, mitundu pafupifupi 10,000, nthaŵi imodzi. Eni mafakitale akuti zipangizo zina za m'chipatala ndi za makompyuta sizingapangidwe popanda PFAS, ndipo mfundoyo si yopepuka. Komabe yankho lake n'lapafupi: wofuna chilolezo chapadera aonetse yekha kuti palibe china chomwe angagwiritse ntchito. Poto wokazingira mazira sangafanane ndi chipangizo chopulumutsa moyo.

Latsala funso la ndalama. Kusefa PFAS m'madzi kumafuna makala okonzedwa mwapadera kapena makina okwera mtengo. Mu 2023 kampani ya 3M idavomera kulipira madola 10.3 biliyoni kwa mabungwe ogaŵa madzi ku United States, koma izi zidadza pambuyo pa milandu yaitali. Kumene lamulo silinena poyera kuti woipitsa madzi ndiye alipire, mtolowo umagwera womwa madzi, kudzera mu bilu ya mwezi ndi mwezi kapena pa bedi la m'chipatala.

Akuluakulu adati madzi akatayika saoleka. Lamulo loyembekeza kuti ng'ombe zife ndi anthu adwale lisanagwire ntchito limangoŵerenga maliro. Loteteza anthu ndi lija lofunsa umboni mankhwala asanatuluke pa chipata cha fakitale.