Amati tsoka silinunkha, koma la thiraki limanunkha

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana athu amene munadutsa m'manja mwathu, lero ndikufuna tikanganeko pa mawu amodzi amene atilowerera kwambiri. Mawu ake ndi akuti "ngozi". Thiraki ikagubuduzika ku Chikangawa timati ngozi. Thirela ikamasuka n'kukawomba minibasi timati ngozi. Kumaliro wina amaimirira n'kutitonthoza kuti tsoka silinunkha, nthawi yawo inakwana, tonse n'kuvomera ndi mitu. Ine ndikukana. Tsoka la thiraki limanunkha, ndipo fungo lake limafika patali. Limanunkha mabuleki opserera. Limamveka mpweya ukutayika m'mapaipi. Limaoneka ndi maso kwa aliyense amene angawerame n'kuyang'ana kunsi kwa galimoto.

Nkhaniyi ndi yathu ife a ku Engutwini ndi Mzimba yense. Msewu wa M1 umadutsa pa Jenda, pamphambano yolowera ku Boma, kukwera Chikangawa, Mzuzu, kutsetsereka ku Chiweta mpaka kuchipata cha Songwe. Mafuta ochokera ku Dar es Salaam amadutsa momwemu. Matabwa a m'nkhalango ya Viphya, imene inabzalidwa pa mahekitala pafupifupi 53,000, amatulukira momwemu. Mabelo a fodya opita ku okushoni ya ku Mzuzu chimodzimodzi. Simungapite ku Lilongwe kapena ku Mzuzu osapishana ndi zigalimoto zimenezi. Mu 2022 ntchito yokonzanso zigawo za msewuwu inayamba ndi ndalama za European Investment Bank ndi European Union, ndipo chigawo cha Jenda mpaka pamphambano ya Mzimba chinali m'gulu lomwelo. Zabwino ndithu. Koma phula losalala silikonza mabuleki a munthu. Limangomupatsa mtima woponda moto.

Tiyambe ndi mmene chinthuchi anachipangira, poti ambiri amangochiona chikudutsa. Thiraki yaitali ija si galimoto imodzi ayi. Kutsogolo kuli mutu, umene madalaivala amautcha hosi, kumbuyo kuli thirela yopanda injini, yongokokedwa ngati ngolo. Pamsana pa hosi pali chimbale chachitsulo chong'ambika chakumbuyo, dzina lake fifth wheel. Kunsi kwa thirela kuli chipini chachifupi chotchedwa kingpin, chimene pa mathiraki ambiri n'chonenepa mamilimita 50 okha. Hosi ikabwerera m'mbuyo, chipini chimalowa mumng'alu wa chimbale, mano achitsulo amachiluma, loko n'kutseka. Basi. Katundu yense uja amakokedwa ndi chitsulo chongoposa pang'ono mpini wa khasu. Akuluakulu anati nkhwangwa ikhulupirira mpini, ndiye munthu wanzeru amayamba wayang'ana mpiniwo asanateme mtengo.

Cholakwika choyamba chimachitika galimoto isananyamuke n'komwe. Thirela ikaima pamiyendo yake itakwera kwambiri, chipini sichilowa m'mano, chimangokwera pamwamba pa chimbale n'kukhazikikapo. Dalaivala amamva kuti "gu" n'kuganiza kuti zagwirana. Katundu amachipanikiza, choncho pamalo athyathyathya galimoto imatha kuyenda ndithu kamtunda. Ikafika pabampu kapena pokhota, thirela imatsala yokha, ndipo imene ikubwera m'mbuyo ndi minibasi yodzaza anthu. Mankhwala ake ndi otani? Kumanga mabuleki a thirela n'kukoka hosi pang'ono kuti umve ngati zagwiradi. Kutsika, kutenga tochi, kuona kuti palibe mpata pakati pa chimbale ndi thirela, kuti mano atsekadi, kuti handulo yalowa m'malo mwake. Kukweza miyendo mpaka m'mwamba. Zonsezi n'zamphindi 5. Tandiuzani, munthu akalephera kupereka mphindi 5, mfiti yalowa pati?

Chimbale chija chimafunanso girisi. Chikauma chimakana kutembenuka, ndiye pokhota hosi imafuna kulowera uku, thirela ikuikankha kuti ingolunjika kutsogolo. Pamsewu wonyowa wa ku Chikangawa, nkhungu itatseka, kukanganako amapambana ndi wolemera, ndipo wolemera ndi thirela.

Tsopano mabuleki. A thirela amayendera mpweya wochokera ku hosi kudzera m'mapaipi awiri opotana aja mumawaona kuseri kwa mutu. Yofiira imadzaza mathanki a thirela. Inzake, yachikasu kapena yabuluu, ndi imene imauza mabuleki kuti dalaivala waponda. Amene anapanga anaganiza bwino: paipi yofiira ikaduka, mabuleki a thirela amadzimanga okha. Koma taonani zimene zimachitika mpweya ukayamba kutayika panjira. Dalaivala amaimbira bwana, bwana amati ulendo usaime, makaniko wa pansi pa mtengo amabwera n'kutseka kapaipi kopita ku mawilo ovutawo. Galimoto yayenda, aliyense wakondwa. Kuyambira pamenepo mawilo ochepa ndi amene akugwira ntchito ya onse. Tsiku limene dalaivala adzaponde buleki mwadzidzidzi, hosi idzafuna kuima, thirela idzakana, ndipo galimoto idzapindika ngati chigongono n'kutseka msewu wonse.

Potsetsereka ndiye pamene mtima wanga umawawa. Mapiri a Chiweta amafuna kuti ulowe giya yaing'ono usanayambe kutsika, injini ikuthandize kugwira. Ena amachita zosiyana: amachotsa giya kuti apulumutse dizilo woti akagulitse m'zigubu. Injini ikamangolira pang'onopang'ono imapopanso mpweya pang'onopang'ono, pamene phazi likuutaya pa kuponda kulikonse. Mabuleki amatentha mpaka kusiya kugwira. Fungo lija mumalimva mukamatsatira thiraki pamtsetse ndi limenelo. Tsoka likukuuzani kuti labwera.

Katundunso ali ndi mlandu wake. Mayiko a SADC anagwirizana kuti thiraki ndi katundu wake zisapitirire matani 56. Malirewo si a msewu wokha, ndi a mabulekinso. Matabwa aawisi amalemera kuposa ouma, koma wopakira amawerenga matabwa, sawerenga makilogalamu. Akaunjika m'mwamba kwambiri, galimoto imapendekeka pokhota ngakhale liwiro lili lochepa. Akaunjika kumbuyo, mawilo a hosi amapepukidwa n'kuyamba kuterera. Ikafa usiku imaima pamsewu pomwepo, zonyezimira zakumbuyo zitakwiririka ndi matope, chenjezo lake nthambi zitatu za mtengo. Nthambi siziwala mumdima, abale.

Ndikudziwa zimene eni magalimoto andiyankhe. Ati masipeya ndi odula, ndalama zakunja zikuvuta, dizilo wakwera, galimoto ikaima tsiku limodzi ngongole ya kubanki siima. Sindikutsutsa. Koma tochi imafuna madola angati? Kukoka hosi pang'ono usananyamuke kumafuna chilolezo cha kubanki? Giya yaing'ono amaitanitsa ku Johannesburg? Zambiri mwa zimene ndatchulazi sizifuna ndalama, zimafuna nthawi, ndipo nthawiyo amaimana ndi bwana amene amalipira dalaivala powerenga maulendo. Ukamulipira munthu pa ulendo, wamuuza kuti asagone, asayang'ane kunsi, asachedwe pamtsetse. Zikavuta amene amagona m'chitolokosi ndi dalaivala, bwana akuthamangira za inshulansi. Lamulo la pamsewu la 1997 lilipo. Chiphaso cha COF chilipo. Laisensi ya EC, yoyendetsera hosi ndi thirela, ilipo. Koma pepala lomata pagalasi silinaimitsepo galimoto. Chiphaso chimanena za tsiku limene galimoto inayesedwa, sichinena za m'mawa uno.

Wina anena kuti izi n'za pa M1, kumudzi kuno sizitikhudza. Taonani thirakitala imene imatuta chimanga, njerwa ndi mchenga m'midzi mwathumu. Pini yake yeniyeni inatayika kalekale, m'malo mwake analowetsa bawuti, kunsi n'kumanga waya. Tcheni chothandizira pini ikaduka palibe. Mabuleki a thirela palibe. Ndiye thirela yomweyo Loweruka imanyamula anthu a kuukwati, Lamulungu a kwaya, pakati pa sabata a kumaliro. Bawuti ija ikaduka pokwera chitunda, thirela imabwerera m'mbuyo yopanda woiwongolera.

Apa ndiye ndikulankhula nanu, aphunzitsi anzanga, makamaka a zamasewero ndi ahedi. Alipo masukulu amene amakweza ana pathirela kapena palole yopanda mipando popita ku mpira, chifukwa chakuti ndi zotchipa. Ana 60 ataimirira, akuimba, akuvina, onse akutsamira mbali imodzi pokhota. Mwana wako weniweni ungamukweze pamenepo? Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ngati thumba la sukulu silikwanitsa galimoto yoyenera, pitani ndi timu yokha, ochemerera atsale. Adzadandaula tsiku limodzi, koma Lolemba adzakhala m'kalasi.

Ndipo inu a Physics, nkhani yonseyi ili m'silabasi mwanu. Mumaphunzitsa kuti mphamvu ya chinthu choyenda imakula ndi kulemera kwake, ndipo liwiro likawirikiza kawiri mphamvuyo imawirikiza kanayi. Bwanji chitsanzo chanu chimakhala kampira kogubuduzika patebulo, pamene mathiraki akudutsa pa Jenda tsiku ndi tsiku? Apatseni ana samu iyi. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Ikafika 80, mamita 22, ndipo mphamvu yoti mabuleki aimeze yatsala pang'ono kuwirikiza kawiri. Afotokozereni chifukwa chake mawilo a thirela amadula kona, osatsata pamene padutsa a hosi, kuti wa njinga woima m'kati mwa kona adziwe kuti mutu ukamudutsa zoopsa zisanathe. Mwana amene wamvetsa zimenezi sadzadumpha msewu kutsogolo kwa thanki ya mafuta, ndipo wapindula kuposa amene wangoloweza fomula ya pa MSCE.

Kwa inu ana athu amene lero muli pachiwongolero, ena mukufika Dar es Salaam, ena Beira, ena Durban, timakunyadirani. Mukumanga nyumba zamalata, mukulipirira azing'ono anu fizi. Koma wakutsina khutu ndi mnansi. Lowani kunsi ndi tochi ngakhale anzanu akusekeni. Mnyamata wokuthandizani muphunzitseni kulumikiza thirela moyenera, osati kungomutuma madzi ndi kutolera za matola. Bwana akakuuzani kuti mutseke kapaipi ka buleki mupitirize ulendo, muuzeni alembe zimenezo pa foni kuti mukhale ndi umboni. Mudzaona mmene ambiri amasinthira mawu. Ntchito ikatha mudzapeza ina. Madalaivala a EC osamala amafunidwa.

Ndipo tonse, tikamva kuti thirela yamasuka kapena thiraki yalephera kuima, tisathamangire kunena kuti zinalembedwa. Tifunse kuti analumikiza ndani, anayang'ana ndani, anapakira ndani, analamula kuti inyamuke ndani. Mafunso amenewa ali ndi mayankho, ndipo mayankhowo ali ndi mayina.

Amene mukuona mwina, makamaka eni mathiraki, nditsutseni. Ndili pompano.