Mwana wa ku Esiteti Asapatsidwe Chithunzi M'malo mwa Mphunzitsi

Masiku ano kukumveka mau ozuna m'misonkhano ya zamaphunziro. Akuti kwabwera luso loti mphunzitsi ali ku Blantyre kapena ku London angathe kuonekera pakanema m'kalasi ya kuno ku Thyolo, naona ana, nawamva, nayankha mafunso awo nthawi yomweyo ngati kuti waima pamaso pawo. Pali ngakhale makina oyenda ndi mateyala, onyamula nkhope ya mphunzitsi pagalasi, amene mwiniwake amawayendetsa ali kutali. Ena afika ponena kuti vuto la kuchepa kwa aphunzitsi latha. Ine, amene ndapuma fumbi la choko zaka zoposa 30 m'sukulu za m'mphepete mwa minda ya tiyi, ndikukanitsitsa. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuphunzitsa mwana uli patali si chinthu chachilendo m'dziko muno. M'chaka cha 1965 boma lidatsegula Malawi Correspondence College, imene pambuyo pake idatchedwa Malawi College of Distance Education. Ana amene sadasankhidwe kupita ku sekondale za boma ankapatsidwa timabuku totchedwa maseti pamodzi ndi maphunziro a pa wailesi, ndipo ife aphunzitsi a ku pulayimale ndife tinkawayang'anira. Ndidayang'anirapo gulu lotere. Wailesi inkalankhula bwino ndithu, koma mwana akasokonezeka pa samu, iyo inkangopitirira osacheuka. Anzawo osankhidwa anali ndi aphunzitsi awo ndi zipinda za sayansi. Athuwa anali ndi mapepala ndi mau ochokera m'bokosi, ndipo pa mayeso ambiri ankagwa. Pamene boma lidalamula m'chaka cha 1998 kuti malo amenewa asanduke sekondale zoyendera za m'madera, kwa ine kudali kuvomereza kuti mwana amafuna munthu pamaso pake.

Tidayesedwanso m'chaka cha 2020. Sukulu zonse zitatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha mliri wa Covid-19, maphunziro adasamukira pa wailesi ndi pa intaneti. M'makomboni a m'maesiteti mudachitika zotani? Lamya m'nyumba ndi imodzi, ndipo imapita kumunda mbandakucha m'thumba la bambo. Ndalama ya wothyola tiyi imathera ufa, mchere ndi sopo. Yogulira mayunitsi ichokera kuti? Ana a m'tauni adapitiriza kuphunzira, pamene atsikana ena amene ndidawaona akukula adalowa m'banja osabwereranso kusukulu. Namondwe Freddy atafika mu Malichi 2023, mapolo a magetsi adagwa, mauthenga a lamya adaduka, makalasi nasanduka malo othawirako anthu. Mphunzitsi wa pakanema akadazimirira tsiku lomwelo. Amene adatsala ndi anawo ndi uja wokhala nawo m'mudzi.

Tisaiwale kuti uphunzitsi si kulankhula kokha. M'mawa wa chiperoni, mphunzitsi amaona mwana amene akunjenjemera chifukwa chosowa juzi. Amazindikira amene wagona ndi njala. Wina akajomba masiku atatu, amatsika chigwa kukafunsa kwa makolo. Galasi silingatsike chigwa, ndipo chithunzi sichigwira mwana dzanja pomuphunzitsa kulemba. Chiyambire 1994, pamene maphunziro a pulayimale adakhala aulere ndipo ana adachuluka kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa oposa 3 miliyoni, kalasi ya ana 100 si yodabwitsa kwa ife. Kodi diso la kamera lidzamuona mwana wamanyazi wokhala pakona kumbuyo?

Musandiyese mdani wa luso latsopano. Ndikudziwa kuti sekondale zambiri zoyendera zilibe mphunzitsi wodziwa bwino fizikisi kapena kemisitiri. Katswiri wa ku yunivesite ataonekera pakanema n'kuwaonetsa ana athu mmene asidi amasinthira mtundu wa pepala loyesera, ndingaombe m'manja. Komatu pakhale mphunzitsi m'kalasimo woti aimitse phunziro, abwereze m'Chichewa, achonge makope. Pulogalamu ya Tikwere pa wailesi ya MBC inkayenda chomwecho: wailesi inkatsogolera, mphunzitsi wa m'kalasi namachita ndi ana zimene zanenedwa. Mutu umodzi susenza denga. Makina akhale wothandiza, osati wolowa m'malo.

Choncho ndikupempha a Unduna wa Zamaphunziro, eni maesiteti ndi mabungwe otithandiza kuti ayambire poyambira. Alembeni ntchito achinyamata amene amatsiriza maphunziro a uphunzitsi n'kukhala pakhomo zaka akudikira. Amangireni nyumba pafupi ndi sukulu kuti asathawire kutauni. Ikani magetsi a dzuwa. Zikatero, bweretsani kanema wanuyo, tidzamulandira ndi manja awiri.

Tiyi wakhala akulimidwa m'boma lino zaka zoposa 100, ndipo nthawi yonseyi mwana wa wothyola wakhala akulandira zotsalira. Aliyense wofuna kumpatsa kalasi yopanda mphunzitsi ayambe wadzifunsa ngati mwana wake womubereka yekha angamutumize m'kalasi yoteroyo. Ngati yankho lili lakuti ayi, akumbukire kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.